Tsiku lotsekera ku Sitandade 1: tiitane manambala pagulu kapena ayi?

Madamu Nambewe (Sitandade 1, Dedza):
Mwaswera bwanji anzanga a makalasi a ana aang'ono. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata ino. Tikutsekera Lachisanu likubwerali, ndipo ahedi atiuza kuti pofika Lachitatu aliyense akhale atapereka mayina a okhoza ndi obwereza, komanso manambala kuyambira wani mpaka womaliza, kuti adzaitanidwe pa asembule makolo ali pomwepo. M'kaundula mwanga muli ana 118, koma omwe afika nawo kumapeto kwa teremu yachitatu ino ndi 97.

Pali kamtsikana kena ka zaka 6 kamene kanabwera mu Seputembala kosalankhula ndi munthu. Teremu yoyamba yonse kankakhala pakona pafupi ndi chitseko, chala chili m'kamwa, ukakafunsa dzina kankangoyang'ana pansi. Teremu yachiwiri kanajomba pafupifupi mwezi wathunthu ndi malungo. Dzulo ndimayesa ana mmodzimmodzi pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kalasi, ndipo itafika nthawi yake kanawerenga a, e, i, o, u mosaphonya. Ndinakalozera mawu. Kanaika chala pansi pa lemba loyamba n'kuyamba pang'onopang'ono, "ma… no… mano!" Kenaka kanagwira mano ake n'kuseka. Chaka chonse aka kanali koyamba kuti ndione mano a mwana ameneyu.

Koma pa malikisi ali nambala 89. Ndiye Lachisanu akaimirire pamaso pa mudzi wonse, amve kuti ali kumchira, anzake akumukuwiza? Ndifunseko ziwiri. Kusukulu kwanu mumaitanabe manambala a Sitandade 1 pagulu? Nanga mwana ngati ameneyu mungamupititse ku Sitandade 2 kapena abwereze?

A Banda (ahedi, Lilongwe):
Madamu, ndakumvani bwino ndipo mtima wanu ndi wa mphunzitsi weniweni. Koma ine ndiyankhule ngati munthu amene ndimakhala mu ofesi. Pachaka pali masiku atatu okha amene makolo amabwera kusukulu osawakakamiza, ndipo ndi masiku otsekera. Msonkhano wa PTA, wa makolo ndi aphunzitsi, timaitana anthu, pamabwera makolo khumi ndi awiri. Tsiku la manambala bwalo limadzaza, ena amanyamula sopo, ena makope, ena ndalama zoti afupe mwana wawo. Tikachotsa manambala, makolowo tidzawapezanso kuti? Ndipo tsiku lomwelo ndi lomwe timawauza za chitukuko, za nkhuni zophikira phala, za kulembetsa ana atsopano. Mmera mpoyamba, mwana azolowere kuti kusukulu timalimbikira.

Madamu Nambewe (Sitandade 1, Dedza):
Zoona ahedi, za makolozo sindikutsutsa. Vuto langa ndi awa a kumapeto okha.

Agogo Phiri (anapuma ntchito, Zomba):
Ana anga, ndiloleni ndiyankhulepo, ngakhale choko ndinachisiya kalekale. Ine ndinaphunzitsa Sitandade 1 ndi 2 zaka zoposa makumi atatu. Pamene ndinkayamba, mwana tinkamulemba sukulu akadutsitsa dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Akalephera kuligwira, abwerere kunyumba akakule. Makalasi anali aakulu ndithu, komabe mphunzitsi ankadziwa mwana aliyense ndi kwawo.

Zinasintha mu 1994 pamene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale. Chaka chimodzi chokha ana oposa 1 miliyoni anawonjezekera m'sukulu za m'dziko muno. Chinali chinthu chabwino, ana a amphawi analowa m'kalasi, koma ife a Sitandade 1 ndi amene tinasenza mtolowo. Ine ndinali ndi ana osawerengeka pansi pa mtengo wa mkuyu, bolodi litatsamira pa thunthu, ena a zaka 5, ena a zaka 13 atakhala limodzi pa fumbi.

M'kalasi imeneyo munali mnyamata wa zaka ngati 11, wamtali kuposa onse, yemwe m'mawa ankayamba wakadyetsa mbuzi za amalume ake asanabwere kusukulu. Ankafika mochedwa, mapazi atanyowa ndi mame, koma sankajomba. Ndiye ankandinyamulira bolodi kupita nalo ku ofesi tikaweruka. Tsiku lotsekera ndinaitana manambala monga mwa chizolowezi, kuyambira woyamba. Ndikutsika m'munsi, bwalo linkachepa phokoso la nthungululu, n'kuyamba kuseka. Nditatchula dzina lake kumapeto, tiana tating'ono tinayamba kumukuwiza, "Walephera! Walephera!" Iye sanalire. Anangotola kapulasitiki kake ka makope n'kudutsa pakati pa anthu, osayang'ana kumbuyo. Sukulu itatsegulira sanabwere. Ndinapita kwawo kawiri, amalume ake anati wakana yekha. Patapita zaka ndinakumana naye pamsika akugulitsa makala, anandipatsa moni mwaulemu, koma ndalama ankawerengetsa mnzake.

Dzina lija ndinalitchula ndine, ndi pakamwa panga. Mpaka lero zimandiwawa.

Kuchokera chaka chimenecho ndinapempha ahedi anga kuti ndizichita motere: khumi oyambirira ndiziwaitana ndi manambala awo, makolo afupe, nthungululu zimveke. Otsala onse amene akhoza ndiziwaitana monga mmene alembedwera m'kaundula, ndi mawu amodzi oti awa apita ku Sitandade 2. Obwereza osawatchula pabwalo ayi. Makolo awo ndinkawaitana dzulo lake, tikhale pansi awiriawiri. A Banda, makolo sanasiye kubwera. Kholo limabwera kudzamva dzina la mwana wake, osati kudzamva kugwa kwa mwana wa mnzake.

Tiyamike (wophunzira uphunzitsi, ali pa TP yoyeserera kuphunzitsa, Ntcheu):
Agogo mwandiliritsa. Ine ndinabwerezapo Sitandade 1 ndipo ndimakumbukirabe diresi yomwe ndinavala tsiku limenelo.

A Chirwa (Sitandade 2, Mzimba):
Pa za manambala ndili kumbali ya agogo. Koma funso lachiwiri lija ndiliyankhe ngati munthu amene ndimalandira ana ochokera kwa inu a Sitandade 1. Chonde anzanga, musamapititse mwana chifukwa cha chisoni chokha. Mu Seputembala wapitayu ndinalandira ana 84, ndipo nditawayesa sabata yoyamba, 30 mwa iwo sankatha kusiyanitsa b ndi d, ena sankadziwa n'komwe kuti buku timayambira kumanzere. Onsewa pa ripoti panalembedwa kuti akhoza. Ku Sitandade 2 buku silidikira munthu. Mumafika maphatikizo olemera monga nkha ndi mphe, ndi tinkhani ta ziganizo zingapo. Mwana amene sanagwire maliwu a malembo amangokhala chete, kutsatira milomo ya anzake, kuimba nawo mawu osawaona. Amatha kufika Sitandade 4 chotero.

Ndipo kuno kwathu pali china. Ana ambiri kunyumba amayankhula Chitumbuka, pomwe buku lowerenga ndi la Chichewa, kenaka pali Chingerezi. Mwana wa zaka 6 akulimbana ndi ziyankhulo zitatu. Ndikamuyesa n'kulephera, nthawi zina sindidziwa ngati chamukanika ndi kuwerenga kapena ndi mawuwo amene sanawamvepo chibadwire. Ndiye nambala 70 kapena 89 imene timalembayo, kwenikweni ikuyeza chiyani?

A Banda (ahedi, Lilongwe):
A Chirwa mwanena zoona, koma kubwereza nakonso kuli ndi mtengo wake. Ndondomeko imati mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60. Ife Sitandade 1 yathu imayamba ndi ana atsopano oposa 100, ndiye muonjezerepo obwereza 30. Mwana wobwerezayo akukalowa m'kalasi yodzaza kuposa yomwe anachokamo, mphunzitsi yemweyo, buku lomwelo, kuyambiranso pa a. Chimene chinamukanika chaka chatha chimusintha n'chiyani? A PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m'dera lathu, akabwera amatifunsanso chifukwa chake obwereza achuluka.

Madamu Nangondo (Sitandade 1, Phalombe):
Ndilowepo apa chifukwa ife funso limeneli linatigwera mokakamiza mu 2023. Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi, sukulu zinatsekedwa kuno ku chigawo cha kummwera, ndipo makalasi athu anasanduka msasa wa anthu amene nyumba zawo zinagwa. M'kalasi mwanga munkagona mabanja. Matchati anga a malembo onse anatha, ena anthu anayatsira moto, ndipo sindinawadandaule, anthu anali pa mavuto. Titatsegulira ana ena anabwera atataya abale awo, ena mvula ikangoyamba kudontha pa malata ankalira n'kuthawira pansi pa tebulo langa.

Pofika kumapeto kwa chaka, tikanatsatira malikisi okha, theka la kalasi likanabwereza. Tinakhala pansi ine ndi madamu a Sitandade 2 n'kugawa ana patatu. Amene amawerenga mawu, apite. Amene amadziwa maliwu ndipo ayamba kuphatikiza, ngakhale mwapang'onopang'ono, apitenso koma mayina awo alembedwe papepala lapadera kuti azikhala kutsogolo ndipo azitsalira mphindi makumi awiri anzawo akaweruka. Amene sadziwa lemba ngakhale limodzi, kapena analowa sukulu asanakwane zaka 6, amenewo abwereze. A gulu lapakati aja ambiri anagwira bwino pofika Disembala. Si onse, koma ambiri.

Madamu Nambewe, mwana wanu uja ali m'gulu lapakati. Waphatikiza ma ndi no yekha, n'kuzindikira kuti akunena mano a m'kamwa mwake. Pamenepo ndiye pa khomo pa kuwerenga. Mukamubweza kuti akayambirenso kuimba a, e, i, o, u ndi tiana tongobwera kumene, mumuzimitsa.

A Chirwa (Sitandade 2, Mzimba):
Ameneyo ngakhale ine ndingamulandire ndi manja awiri, bola abwere ndi pepalalo. Chimene chimativuta ife ndi kulandira ana opanda mbiri. Mphunzitsi wa Sitandade 1 amadziwa kuti uyu samva bwino khutu lakumanzere, uyu amalemba ndi dzanja lamanzere musamukakamize, uyu amakhala ndi agogo okha ndipo tsiku la msika sabwera, uyu saona patali. Zonsezo zimapita ku holide limodzi ndi mphunzitsiyo, ine n'kuzitulukira ndekha mu Novembala. Tsamba limodzi la kope, dzina ndi mzere umodzi, basi.

Abiti Saidi (kholo, wa Mother Group, Mangochi):
Zikomo aphunzitsi pondilola m'gulu lanu lino. Ine si mphunzitsi, koma ndiyankhuleko monga mayi. Mwana wanga wachitatu akumaliza Sitandade 1 chaka chino. Kunena zoona ife makolo manambala timawakonda chifukwa ndi chinthu chokhacho chimene timamva. Ripoti imabwera m'Chingerezi, mabokosi ndi manambala, amayi ambiri kuno amangoipinda n'kuisomeka kudenga. Ukamva kuti mwana wako ndi nambala 12 umadziwa kuti zili bwino, ukamva 80 umadziwa kuti zavuta. Koma chavuta n'chiyani, palibe amene amatiuza.

Mwana wanga woyamba atabwereza, ndinamvera pabwalo pamodzi ndi anthu onse. Ndinachita manyazi, ndipo ndikuvomera kuti titafika kunyumba ndinamukalipira kwambiri, nsima anadya akulira. Pambuyo pake ndi pamene tinadziwa kuti mwanayo ankavutika kuona pa bolodi. Akanandiitana aphunzitsi n'kundiuza pambali, sindikanamulakwira chotero. Ndiye zimene anena agogo zija, zoitana makolo dzulo lake, chitani ndithu. Koma mutiuze m'chiyankhulo chathu, ndipo mutiuze choti tikachite kunyumba. Ambiri sitidziwa kuwerenga, komabe tikhoza kukhazika mwana pamkeka kuti mkulu wake amuwerengere.

China ndi ichi. Kuno holide ino ndi nyengo ya zinamwali, ndipo ife a Mother Group, gulu la amayi lothandiza kuti ana asasiye sukulu, timayenda m'midzi kukumbutsa mafumu ndi makolo kuti ana atuluke sukulu isanatsegulire. Tikakhala ndi mayina a ana amene abwereza zimatithandiza, chifukwa amenewo ndi amene amakonda kusowa mu Seputembala.

Madamu Nambewe (Sitandade 1, Dedza):
Amayi, mawu anuwa ndiwawerengera ahedi mawa m'mawa momwe alili. Zikomo kwambiri.

Tiyamike (ali pa TP, Ntcheu):
Pepani ndifunseko zina. Ana 97 mumawayesa bwanji mmodzimmodzi? Ine ndi madamu amene ndili pansi pawo tayesa lero, ana 20 okha tsiku latha, otsalawo m'kalasi muli chipwirikiti.

Madamu Nambewe (Sitandade 1, Dedza):
Mng'ono wanga, zimatenga masiku anayi kapena asanu, palibe chidule. Ine ndinapempha aphunzitsi a Sitandade 8, popeza ana awo analemba kale mayeso a MANEB, kuti azikhala ndi kalasi akuimba nawo nyimbo ndi kujambula, ine ndili panja ndi ana asanu asanu. Khala ndi khadi limodzi: malembo khumi, maphatikizo khumi, mawu asanu, chiganizo chimodzi. Mwana akakanika malembo asanu otsatizana usamuzunze, muyamikire n'kumubweza. Pa masamu ndimamupatsa zitsekerero za mabotolo, awerenge, aphatikize, achotsere. Ndipo uziyesa phala litadyedwa. Kuno ku Dedza mu Julayi kumazizira koopsa, mwana wopanda juzi amene sanadye kanthu m'mawa milomo imanjenjemera, sangakuwerengere ngakhale zomwe akuzidziwa.

Agogo Phiri (anapuma ntchito, Zomba):
Phala limenelo musalipeputse ana anga. Ife tinaphunzitsa nthawi imene kunalibe, ana ankagona m'kalasi ndi njala pofika 10 koloko. A Mary's Meals anayamba kudyetsa ana kuno ku Malawi mu 2002, ndipo m'sukulu zomwe phala linafika tinaona ndi maso athu tiana tikuthamangira kusukulu kapu ili m'manja. Pa tsiku lotsekera muwathokoze amayi ophika aja pamaso pa anthu. Amadzuka usiku, utsi uli m'maso chaka chonse, osalipidwa.

Madamu Nangondo (Sitandade 1, Phalombe):
Tiyamike, popeza ndiwe watsopano ndikuuzenso za katundu, chifukwa ku koleji izi sanena kwambiri. Mabuku a pulogalamu ya boma ya kuwerenga imene inayamba mu 2016 timalola ana kupita nawo kunyumba, ndiye kutolera kumafuna sabata yathunthu, osati tsiku lomaliza. Yamba Lolemba, uzichonga m'kaundula. Ena abwera opanda chikuto, ena atanyowa, ena akuuza kuti mbuzi inadya, ndipo nthawi zina zimakhala zoona. Usamukwapule mwana, tumiza uthenga kwa kholo. Ukatolera uwamange m'mitolo ya makumi awiri awiri, uike pamwamba pa desiki kapena mu kabati, osati pansi ndiponso osagunditsa khoma. Chiswe sichipita ku holide. Matchati umatule, uwapinde ngati mkeka, uwaike m'thumba la feteleza loyera. Timitengo, miyala ndi zitsekerero zowerengera masamu usataye, mu Seputembala udzazifuna tsiku loyamba lomwe.

A Banda (ahedi, Lilongwe):
Ndawerenga zonse. Za kuchotseratu manambala sindinagonje, chifukwa mwana amene walimbikira ayenera kumva dzina lake likutchulidwa ndi ulemu. Koma zotchula obwereza pabwalo, makamaka ku Sitandade 1 ndi 2, ndikakambirana ndi aphunzitsi anga ndi a komiti. Nkhani ya mnyamata wa mbuzi ija yandikhudza. Madamu Nambewe, mukapita kwa ahedi anu musakayambe ndi kunena kuti mwambo ndi woipa. Mukawauze za mwana uja ndi mano ake, kenaka mupemphe kuti muyese kalasi yanu yokha chaka chino.

Madamu Nambewe (Sitandade 1, Dedza):
Anzanga, ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera, tatsekera lero.

Ahedi anavomera kuti ndiyese, koma anati oitanidwa ndi manambala akhale 15 osati 10, ndipo ndinalola. Obwereza anakwana 19. Lachinayi ndinaitana makolo awo, anabwera 11. Ndinakhala nawo mmodzimmodzi pakhonde la kalasi, khadi lija lili m'manja, kuwaonetsa pomwe mwana wafika ndi pomwe waima. Bambo wina anakwiya, anati ndikudana ndi banja lake, anachoka osatsanzika. Mayi wina anandiuza kuti mwana wake ali ndi zaka 5 zokha, anamulembetsa msanga chifukwa kunyumba kunalibe womusiyira akapita kudimba. Asanu ndi atatu amene sanabwere aja ndapereka mayina awo kwa amayi a Mother Group monga ananenera Abiti Saidi.

Lero pabwalo ndinaitana 15 aja, makolo anafupa, kunali nthungululu. Kenaka ndinati, awa ndi ana amene apita ku Sitandade 2, ndipo ndinawerenga motsatira kaundula. Aliyense akamva dzina lake amathamanga kukaima kumbuyo kwa madamu a Sitandade 2. Mwana uja nditamutchula sanathamange, anayamba wayang'ana kumbuyo ngati pali wina wa dzina lomwelo. Mnzake anamukankha, ndiye anapita. Agogo ake, amene sindinawaonepo chaka chonse, anatuluka m'gulu la amayi atanyamula nzimbe imodzi n'kukamupatsa pamzere pomwepo.

Sindinganame kuti zonse zinali bwino. Obwereza aja anatsala atakhala pansi pamene anzawo onse aimirira, ndiye ngakhale sindinawatchule, aliyense anaona. Palibe amene anakuwiza, koma mnyamata mmodzi analira mpaka ndinamunyamula. Chaka chamawa ndiyenera kupeza njira ina, mwina onse aimirire limodzi tiimbe kaye nyimbo, kenaka ndilowe nawo m'kalasi. Agogo, inu munkawakhazika pati obwerezawo nthawi yoitana mayina?

Mabuku ndatolera 81, asowa 16. Pepala la madamu a Sitandade 2 likhala ndi mayina 78, ndafika pakati, nditsiriza mawa. A Chirwa, nditumizireni chithunzi cha mmene inu mumafunira kuti lilembedwe ndisanapitirire.